Maondo Akadzakana za ku Msika, Mudzatsamira Chiyani?

Munthu wa m'boma akamapuma pa ntchito amadziwiratu tsiku lake. Kalata imabwera, anzake a mu ofesi amasonkherana nkumugulira wailesi kapena bulangete, iye nkuyamba kulondola za penshoni yake ku Capital Hill. Nanga wa geni? Wa geni alibe kalata, alibenso phwando. Amene amamupumitsa ndi maondo, msana ndi maso. Tsiku lina amangoona kuti dengu la tomato limene ankalisenza ngati chipewa layamba kulemera ngati thumba la simenti, ndipo ulendo wa m'bandakucha wokapikula katundu wasanduka chilango.

Nkhani imeneyi ambiri mumsika safuna kuimva. Ukangoiyamba amakudula pakamwa, ati za mawa adziwa ndi Mulungu. Nzoona zimenezo, koma ukalamba sugwa ngati mphenzi ayi. Umabwera ukuuona ngati mitambo ya mvula, ndipo wanzeru amaanula ufa mvulayo isanagwe.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi muno mudali anthu oposa 17 miliyoni ndi theka, ndipo mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi asanu okha ndiwo adali ndi zaka 60 kapena kuposerapo. Achikulire ndi ochepa, nchifukwa chake mawu awo samveka. Lamulo la penshoni limene lidayamba kugwira ntchito mu 2011 lidalamula kuti bwana aziikira wantchito wake 10 peresenti ya malipiro, wantchitoyo nkumawonjezera 5 peresenti. Koma inu ogulitsa usipa ku Limbe, kaunjika kwa Tsoka ku Lilongwe kapena nyemba mumsika wa Mzuzu, bwana ndinu nomwe, wantchito ndinu nomwe. Palibe amene akukuikirani kanthu. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zidayambira ku Mchinji mu 2006, ndi za mabanja ovutikitsitsa okha, sizifikira nkhalamba iliyonse.

Komanso pali zina zimene munthu amazisiya pa benchi zimene sawerengera madzulo pamodzi ndi ndalama. Mumsika muli anthu ocheza nawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Muli chifukwa chodzukira. Mulinso dzina: aliyense amadziwa mayi a mpunga, amadziwa bambo a nsomba zouma. Tsiku limene mwasiya kupita, zitatu zonsezi zimachoka nthawi imodzi, mumangotsala pakhonde kuwerenga nkhuku za aneba. Apa mpamene ena amayamba bibida, ena kulongolola, ena kungokhala duu osayankhula ndi munthu. Tsono Mkhristu atani kuti masiku amenewa adzamupeze ali chilili?

KUPUMA SI TCHIMO

Choyamba nkuvomera. Alipo amayi ndi abambo amene amakakamira benchi mpaka kugwera pomwepo, poopa kuti anthu aziti ndi aulesi kapena kuti Mulungu wawataya. Baibulo silinena choncho. M'buku la Numeri mutu 8, Alevi ankayamba ntchito ya m'chihema ali ndi zaka 25, ndipo akakwanitsa zaka 50 ankasiya ntchito yolemetsa. Sankawathamangitsa ayi. Ankakhalabe pomwepo kuthandiza abale awo, koma zosenzasenza zinkapita kwa anyamata.

Pa 2 Samueli mutu 19 palinso nkhalamba ina yolemera, Barizilai, imene idadyetsa mfumu Davide pamene ankathawa mwana wake Abisalomu. Nkhondo itatha, mfumu idamuitana kuti akakhale naye ku Yerusalemu. Iye adali ndi zaka 80, ndipo adakana mwaulemu. Adavomera kuti lilime ndi makutu ake zatopa, napempha kuti mwayiwo upite kwa mnyamata wa pakhomo pake. Munthu uyu adadziwa msinkhu wake, ndipo sadachite nawo manyazi.

Kwa wa geni, phunziro lake nlakuti benchi muyambe kuisiya pang'onopang'ono mphamvu zikadalipo. Mwana, mdzukulu kapena m'bale amene mukufuna adzatenge malo anu muyambe kupita naye kopikula lero. Adziwe kusankha katundu, adziwe makasitomala, adziwe kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Inu muzibwera masiku atatu pa sabata, kenaka awiri. Geni yosiyidwa mwadzidzidzi chifukwa mwini wake wagonekedwa m'chipatala nthawi zambiri imafera pomwepo, mpamba nkuthera mu ndiwo.

M'BANDAKUCHA MUSAUTAYE

Wa geni ali ndi chuma china chimene anthu a mu ofesi amachisirira: thupi lake lidazolowera kudzuka folo koloko. Ngakhale mutasiya msika, tulo tidzathabe nthawi yomweyo. Funso nlakuti mudzachita nayo chiyani nthawi imeneyo. Ambiri amagona chagada mumdima kuwerenga mavuto: mwana uja adapita ku Joni osatumiza kanthu, lendi, malata odontha, maliro a amuna awo. Pofika sikisi koloko mtima watopa kale tsiku lisanayambe.

Nthawi imeneyo ipatseni ntchito. Dzukani, sukusulani, khalani pansi, pempherani. Tchulani ana ndi adzukulu mmodzimmodzi ndi mayina awo. Tchulani anzanu amene akadali mumsika, odwala a mu mpingo, ngakhale atsogoleri amene simudawavotere. Musanapemphe kanthu, yambani mwathokoza pa zinthu zitatu zimene mwaziona dzulo, kaya ndi phala lotentha, kaya ndi mvula, kaya ndi mdzukulu amene wakhoza mayeso. Munthu amene wazolowera kuthokoza, madandaulo sakhazikika mwa iye.

Kenaka Mawu a Mulungu, chigawo chimodzi patsiku, osathamanga. Achikulire ambiri adakulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922. Amene amaona kuti Chinyanja chake nchozama, lilipo Buku Loyera la 1998 la Chichewa chapafupi. Maso akayamba kuchita chifunga, musangoti basi ndakalamba. Mwina mukungofunika magalasi owerengera. Mwinanso ndi ng'ala, imene madokotala amachotsa ndi opaleshoni yaifupi m'zipatala za maso monga ku Nkhoma, ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati kuwerenga kwakanikiratu, mdzukulu akuwerengereni, kapena akuikireni Baibulo lomvetsera pa foni. Mawailesi a Chikhristu monga Radio Maria ndi Trans World Radio amakhalanso ndi mapemphero ndi maphunziro m'Chichewa.

Koma chizolowezi chimenechi sichiyamba pa zaka 70. Mmera mpoyamba. Ngati lero simungapeze mphindi khumi musananyamule dengu, pa ukalamba nthawi idzakhala yambiri koma mtima udzakhala utauma.

MUSATULUKE M'GULU

Kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Anzanu a mumsika amakukondani, koma geni ilibe chisoni. Sabata yoyamba adzabwera kudzakuzondani, mwezi wachiwiri adzatumiza moni, pakutha pa chaka pa malo anu padzakhala wina. Gulu limene lingakusungeni mpaka kumanda ndi la mpingo, ndipo mpingo weniweni wa munthu wokalamba ndi uja waung'ono wa pafupi ndi nyumba: mlaga kwa a CCAP, mphakati kapena limana kwa Akatolika, magulu a amayi monga Mvano ku Sinodi ya Blantyre, Chigwirizano ku Nkhoma, Umanyano ku Livingstonia, Dorika kwa a Seventh Day, Mothers' Union kwa a Anglican. Kumeneko nkumene anthu amadziwa kuti uje lero sadabwere, tiyeni tikaone.

Ngakhale ophunzira avomereza. Mu 2016 akatswiri a ku yunivesite ya Harvard ku America adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa manesi aakazi oposa 74,000 amene adawatsata kwa zaka 16. Adapeza kuti pakati pa amayi opita ku mapemphero koposa kamodzi pa sabata, imfa zidali zochepa ndi 33 peresenti poyerekeza ndi amene sankapitako konse. Zina mwa zifukwa zake zidali zomveka: opembedzawo adali ndi anthu owathandiza, sankasuta fodya kwambiri, ndipo matenda a nkhawa adali ochepa. Ndi ku America kumeneko, koma nafenso timaziona ndi maso. Nkhalamba imene ili ndi koyenda Lachitatu ndi Lamulungu imasamba, imachapa, imaseka.

Vuto la a geni ambiri nlakuti Lamulungu ndi tsiku la malonda. Amatumiza chopereka kudzera mwa mwana, iwo nkuthamangira ku benchi. Zaka 20 zikadutsa choncho, dzina lili m'kaundula koma nkhope palibe akuidziwa. Musadikire kuti mudzayambe kudziwana ndi akhristu anzanu muli pa mphasa. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

NTCHITO YA MULUNGU ILIBE PENSHONI

Pa Luka mutu 2 timamva za mayi wamasiye Anna, wa zaka 84, amene sankachoka ku Nyumba ya Mulungu. Mwana Yesu atabwera naye kumeneko, mayiyu adali mmodzi mwa anthu oyamba kumuzindikira ndi kuuza ena. Mose adapita kwa Farao ali ndi zaka 80. M'kalata yake kwa Tito, Paulo adapatsa amayi achikulire udindo wolangiza amayi achitsikana. Palibe pamene nkhalamba idauzidwa kuti ingokhala phee kudikira bokosi.

Wa geni wopuma ali ndi luso limene mpingo ukulisowa. Munthu amene wasunga mpamba zaka 30 osaudya angathe kusunga thumba la mlaga. Amene amadziwa kunenerera mtengo ndiye woyenera kutumidwa kukagula zofunika pa maliro kapena pa ukwati. Amene wakhala akumva mavuto a makasitomala tsiku ndi tsiku amadziwa kukhala pansi ndi banja limene layambana. Kuzonda odwala, kuphunzitsa ana a Sande Sukulu, kulangiza atsikana amene angoyamba kumene geni kuti asagwe m'manja mwa a katapila, zonsezi sizifuna msana wolimba. Akuluakulu ndi mdambo mozimira moto. Sankhani ntchito imodzi, ikhale yanu, anthu adziwe kuti mukapanda kubwera yaima.

Tisaiwalenso agogo amene alera kawiri. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, Edzi idatenga ana ambiri nkusiyira makolo awo adzukulu. Amayi ambiri a mumsika adaphunzitsa ana amasiye ndi ndalama za mandasi. Umenewo ndi utumiki, ndipo mpingo uyenera kuuona choncho.

TSEKANI KABUKU KA NGONGOLE

Wa geni aliyense ali ndi kabuku, kaya ka pepala kaya ka mumtima. Uje adatenga nsomba pa ngongole osabweza. Uje adathawa ndi ndalama za chipereganyu. Mlamu adabwereka mpamba nkusanduka mdani. Pamene muli otanganidwa, zimenezi zimaiwalika masana. Mukakhala pakhomo opanda chochita, kabuku kaja kamatseguka kokha, ndipo munthu amayamba kudya mkwiyo m'mawa, masana ndi usiku.

Yesu adakamba fanizo pa Mateyu mutu 18 la wantchito amene mfumu idamukhululukira ngongole yosatheka kubweza, koma iye atatuluka adakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha kangongole kochepa. Wa geni fanizo limeneli salifunira womasulira. Ngongole imene ingabwezedwe ilondoleni mwamtendere, pamaso pa mboni. Imene mukudziwa kuti idapita, ifafanizeni, mumuuze Mulungu kuti mwaisiya. Ndipo ngati inu ndi amene muli m'kabuku ka wina, kaya mudabwereka, kaya mudamunenera zoipa kuti makasitomala amuthawe, pitani mukakonze miyendo ikadayenda. Akatolika ali ndi sakramenti la kulapa, ena ali ndi abusa ndi akulu a mpingo. Katundu wa mumtima salipiritsa wonyamula, koma amathyola munthu kuposa thumba la chimanga.

CHENJERANI NDI OGULITSA MADALITSO

Chikhulupiriro sichiletsa kusunga. Yosefe ku Ejipito adasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu chifukwa ankadziwa kuti njala ikubwera. Chipereganyu ndi banki mkhonde nzothandiza, koma kumbukirani kuti Kwacha imasungunuka. Mu May 2022 idagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 idagwanso ndi 44 peresenti. Ndalama zokwirira pansi pa mphasa zimachepa mphamvu inu muli mtulo. Nchifukwa chake ena amasandutsa phindu lawo kukhala kapuloti, kanyumba ka lendi, mbuzi kumudzi kapena mitengo, zinthu zimene zingawadyetse maondo atakana.

Tsono pali anthu ena amene amanunkhiza ndalama za nkhalamba ngati fisi. Masiku ano aneneri achuluka ngati bowa wa m'dzinja. Ena ndi atumiki oona, koma ena ndi a geni anzanu, kungoti katundu wawo ndi mafuta, madzi ndi timitengo. Amauza mayi wamasiye kuti abzale mbewu ya ndalama zonse zimene wagulitsira benchi, ati zibwerera kakhumi. Inu mumadziwa malonda: munthu akakuuzani kuti mugule thumba osalitsegula, mumatani? Chopereka nchabwino, ndipo Mkhristu apereke mokondwa monga momwe angathere. Koma Mulungu sagulitsa machiritso pa mtengo, ndipo mtumiki amene akufunsa za ndalama zanu asanafunse ngati mwadya, muyendereni patali. Musanapereke chinthu chachikulu, funsani ana anu ndi akulu a mpingo wanu. Safunsa adadya phula.

PEMPHERO NDI MANKHWALA SIZILIMBANA

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP siuza munthu. Imangomugwetsa tsiku limodzi, mbali imodzi nkufa ziwalo, anthu nkuyamba kulozana zala. Kayezetseni BP ndi shuga ku chipatala, ndipo mukapatsidwa mankhwala imwani tsiku lililonse. Aliyense wokuuzani kuti mutaye mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV chifukwa wakupemphererani, ameneyo akukukumbirani manda. Luka amene adalemba Uthenga Wabwino adali sing'anga.

A WHO amalangiza kuti mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, ndiponso kuti munthu aziyendako kapena kugwira kantchito kotulutsa thukuta mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kuyenda wapansi kupita ku mlaga, kukazonda wodwala ndi kulima kadimba kuseri kwa nyumba, mphindi zimenezo zakwana kale.

Mtima nawonso umadwala. Munthu akakhala masabata angapo osafuna kudya, osagona, osafuna kuona anthu, akumanena kuti bola kufa, musamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Ngakhale mneneri Eliya adafika pofuna kufa, ndipo Mulungu adayamba wamupatsa chakudya ndi tulo asanamuyankhule. Matenda a nkhawa ali ndi chithandizo m'zipatala za boma, komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mupemphere naye, kenaka mumuperekeze.

NKHALAMBA SI MFITI

Apa mpamene Akhristu tiyenera kuchita manyazi. Mu January 2016 ku Neno, anthu anayi achikulire adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Nkhani zotere sizidathere pomwepo, ndipo kawirikawiri oyambitsa amakhala achibale enieni, ena a iwo oimba kwaya Lamulungu.

Pali matenda a ubongo amene amagwira anthu ena akakalamba, achingerezi amati dementia. Munthu amaiwala mayina a ana ake, amasochera pa njira imene waiyenda moyo wake wonse, amatuluka usiku osadziwa kumene akupita, mwina osavala bwino. Akapezeka m'mawa pakhomo pa eni, anthu amati wagwa pa ndege ya ufiti. Ameneyo ndi wodwala, abale, afunika kumufunditsa chitenje ndi kumuperekeza kwawo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lapadera loteteza anthu achikulire. Koma lamulo silikhala m'mudzi usiku. Amene amakhalamo ndi inu ndi ine. Nkhalamba yodziwika ku mlaga, imene ili ndi anthu oiyankhulira, siiponyedwa miyala mwachisawawa.

KONZANI NYUMBA YANU

Mfumu Hezekiya itadwala, mneneri Yesaya adaiuza kuti ikonze za pa banja pake. Idapemphera, Mulungu nkuiwonjezera zaka 15. Kukonzekera sikuitana imfa. Tonse taonapo mayi wamasiye akulandidwa nyumba, mashini osokera ndi mapoto omwe, mtembo usanazizire. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu, koma njira yapafupi yotsekera pakamwa olanda ndi wilo. Lembani zimene muli nazo ndi amene mukufuna adzatenge, musayine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizikulandirapo kanthu, nazonso zisayine. Uzani banja kumene kuli mapepala a puloti, amene muli nawo ngongole ndi kumene mukufuna kudzaikidwa.

Mukatero mtima umapepuka, nkutsala ndi kukonzekera kwakukulu. Mkhristu amakhulupirira kuti manda si mathero, pakuti Khristu adauka. Munthu amene wakhululuka, walapa, wadalitsa ana ake ndipo wagawa zake mwachilungamo, imfa amaidikira ngati mmene wa geni amadikirira madzulo katundu atatha: kutopa kulipo, koma mantha palibe.

Mawu otsiriza apite kwa abusa, ansembe ndi akulu a mipingo. Nkhalamba zimene zidamanga matchalitchi anu ndi ndalama za tomato zikasiya kuoneka, musadikire uthenga wa maliro kuti mukatulutse yunifolomu. Pitani nawo Mgonero kunyumba, tumizani achinyamata akafolere denga, ikani mabenchi a kutsogolo kwa amene makutu awo atopa. Paulo adauza Timoteo kuti mpingo uzisunga mndandanda wa amasiye a zaka 60 kupita m'tsogolo. Kodi mpingo wanu uli nawo mndandanda wotere?

Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene lero mukudumpha ngalande ndi beseni pamutu, yang'anani gogo amene ali pa benchi yoyandikana nanu. Naye adadumphapo. Mawa mukamatsegula geni, mupatseni moni, mumusenzere dengu, ndipo mudzifunse kuti inuyo mwayamba kusunga chiyani, m'thumba ndi mumtima momwe.